Kugula muscle car yakale

Muscle car ndi dzina lomwe anthu a ku United States anapatsa magalimoto a zitseko ziwiri, a thupi lapakatikati koma a injini yaikulu ya masilinda 8 yotchedwa V8, omwe anapangidwa kwambiri kuyambira mu 1964 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Dzinali limanena za nyonga za galimotoyo. Magalimotowa amakankhidwa ndi matayala a kumbuyo, ndipo anawapangira achinyamata ofuna liwiro pa mtengo wofikirika. Masiku ano amagulidwa ndi anthu okonda kusunga magalimoto akale, ndipo ambiri amatumizidwa ku Ulaya, ku Australia ndi kumadera ena. Chifukwa choti mtengo wake umadalira kwambiri mbiri ya galimoto iliyonse, malonda ake ali ndi njira zakezake zofufuzira, komanso chinyengo chakechake.

Mbiri

Olemba mbiri ya magalimoto ena amati chiyambi cha magalimotowa ndi Oldsmobile Rocket 88 ya mu 1949, koma ambiri amayambira pa Pontiac GTO ya mu 1964. Pa nthawiyo kampani ya General Motors inkaletsa kuika injini zazikulu m'magalimoto ake apakatikati. John DeLorean ndi anzake ku Pontiac anazemba lamuloli pogulitsa GTO ngati chinthu chongowonjezera pa galimoto ya Tempest LeMans, osati ngati galimoto yapayokha. Injini yake inali ya malita 6.4, yodziwika ndi nambala ya 389, ndipo m'chaka choyamba chokha anagulitsa magalimoto oposa 32,000.

Makampani ena anatsatira mwachangu. Kunabwera Oldsmobile 442, Chevrolet Chevelle SS, Dodge Charger, Plymouth Road Runner ndi Buick GSX. Chrysler inayamba kugulitsa injini yake ya 426 Hemi, ya malita 7, m'magalimoto oyenda pamsewu kuyambira mu 1966 mpaka 1971, ndipo inkalembedwa kuti ili ndi mphamvu ya 425 horsepower. Mu 1970 Chevelle SS 454 ya injini ya LS6 inafika pa 450 horsepower. Magalimoto ocheperako thupi monga Ford Mustang, yomwe inaonetsedwa koyamba pa 17 April 1964, Chevrolet Camaro ndi Plymouth Barracuda amatchedwa pony car, koma omwe ali ndi injini zazikulu amawerengedwa m'gulu lomwelo la muscle car.

Nyengoyi sinakhalitse. Makampani a inshuwalansi anakweza mitengo kwa achinyamata oyendetsa magalimoto amphamvu. Lamulo la Clean Air Act la mu 1970 linakakamiza opanga magalimoto kuchepetsa utsi, ndipo injini zinafooketsedwa kuti zizitha kuyendera petulo wopanda mtovu. Mu October 1973 maiko a Aluya opanga mafuta anasiya kugulitsa mafuta ku United States, mtengo wa petulo n'kukwera. Pofika mu 1974, GTO, Barracuda ndi Dodge Challenger zinasiya kupangidwa.

Maiko ena analinso ndi magalimoto awo a mtunduwu. Ku Australia kunali Ford Falcon GT-HO ndi Holden Monaro. Ku South Africa kunali Ford Fairmont GT, Chevrolet Firenza Can-Am ya mu 1973, komanso Capri Perana yomwe Basil Green ankaikamo injini ya V8 ku Johannesburg. Onsewa ali ndi chiwongolero chakumanja.

Msika ndi mitengo

Magalimotowa amagulitsidwa ndi eni ake, ndi ochita malonda a magalimoto akale, komanso pa okushoni. Okushoni zodziwika kwambiri ndi ya Barrett-Jackson yomwe imachitika mu January ku Scottsdale m'chigawo cha Arizona, ndi ya Mecum ya ku Kissimmee m'chigawo cha Florida. Pa intaneti pali Bring a Trailer, Hemmings ndi eBay Motors. Wogula pa okushoni amalipiranso ndalama ina yapamwamba pa mtengo womwe wapambanira, ndipo galimoto imagulitsidwa momwe iliri, popanda mwayi woibweza.

Mitengo imasiyana kutali. Mu 2014 Plymouth Hemi 'Cuda ya mu 1971 yotsegula denga inagulidwa pa madola 3.5 miliyoni pa okushoni ya Mecum ku Seattle. Mu January 2020 Mustang yomwe Steve McQueen anayendetsa mu filimu ya Bullitt ya mu 1968 inagulidwa pa madola 3.74 miliyoni. Koma galimoto ya thupi lofanana ndi Hemi 'Cuda, yomwe inatuluka m'fakitale ndi injini yaing'ono, imagulidwa pa kachigawo kochepa chabe ka ndalama zimenezi. Kampani ya inshuwalansi ya Hagerty imasindikiza mitengo yoyerekezera, ndipo imagawa magalimoto m'magulu anayi: gulu loyamba ndi la magalimoto a pachionetsero opanda banga, pomwe lachinayi ndi la oyenda koma ooneka kuti agwira ntchito.

Ochita malondawa ali ndi mawu awoawo. Galimoto ya numbers matching ndi yomwe ikadali ndi injini ndi giyabokosi zomwe inatuluka nazo m'fakitale. Survivor ndi yomwe sinakonzedwenso, ikadali ndi penti ndi mipando yake yoyamba. Clone kapena tribute ndi galimoto wamba yomwe yavekedwa zizindikiro ndi injini za galimoto yodula. Restomod ndi ya thupi lakale koma ya injini, mabuleki ndi zina zamakono. Kupanga clone sikolakwa. Chinyengo chimayamba pamene mwini wake aigulitsa ngati yeniyeni.

Kutsimikiza kuti galimoto ndi yeniyeni

Galimoto iliyonse ili ndi nambala yoizindikirira yotchedwa VIN. Nambala ya zilembo 17 yomwe imagwiritsidwa ntchito lero inayamba mu 1981, choncho magalimoto a m'zaka za m'ma 1960 ali ndi manambala afupiafupi, ndipo kampani iliyonse inkalemba mwanjira yake. Makampani ofufuza mbiri ya galimoto monga Carfax sathandiza pa magalimoto a chaka cha 1981 chisanafike.

Pa magalimoto ena VIN imanena zambiri. GTO ya pakati pa 1966 ndi 1971 imayamba ndi manambala 242. Pa magalimoto a Dodge ndi Plymouth, chilembo chachisanu chimatchula injini: J imaimira Hemi mu 1968 ndi 1969, pomwe R imaimira Hemi mu 1970 ndi 1971. Koma pa GTO ya mu 1964 ndi 1965, komanso pa Chevelle SS ya mu 1970, VIN siionetsa ngati galimotoyo inali ya mtundu wodulawo. N'chifukwa chake ma Chevelle SS abodza ndi ambiri pamsika.

Pamenepo ogula amadalira zikalata. Bungwe la PHS limapereka makope a ma invoisi a ku fakitale ya Pontiac. Pa magalimoto a Ford a kuyambira mu 1967 pali Marti Report, yomwe imachokera m'kaundula wa Ford. Magalimoto a Chrysler ali ndi kachitsulo kolembedwa zizindikiro pafupi ndi injini. M'magalimoto ambiri ogwira ntchito m'fakitale ankasiya pepala lolongosola zonse zoikidwa m'galimotomo, ndipo limapezeka pansi pa mpando, pansi pa kapeti kapena pamwamba pa thanki ya petulo. Mbali ya VIN inkadindidwanso pa injini ndi pa giyabokosi. Akamberembere amapala manambalawa ndi kudinda ena, kapena amasamutsa kachitsulo ka VIN kuchoka pa galimoto yoola kupita pa thupi lina, zomwe ndi mlandu ku United States. Akatswiri amayang'ana kaonekedwe ka zilembo, mizere ya makina pa chitsulo, mtundu wa misomali yogwira kachitsuloko, ndi madeti omwe zipangizo zinaumbidwa, omwe ayenera kukhala a m'mbuyo pang'ono mwa tsiku lomwe galimoto inapangidwa.

Mita yowerengera mtunda siyodalirika. Ili ndi manambala asanu okha ndipo imabwerera pa ziro ikapitirira mamailosi 99,999, kotero galimoto yoonetsa 40,000 ikhoza kukhala kuti inayenda 140,000.

Dzimbiri ndi zina zoyang'ana

Vuto lodula kwambiri pa magalimotowa ndi dzimbiri, chifukwa kukonza thupi loola kumadya ndalama zambiri kuposa kukonza injini. M'zigawo zozizira monga Michigan, Ohio ndi New York amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, ndipo mcherewo umadya chitsulo. Magalimoto omwe akhala moyo wawo wonse ku Arizona, ku Nevada kapena ku California amakhala olimba thupi, ngakhale dzuwa limawononga mipando ndi mphira.

Malo omwe dzimbiri limakonda ndi pansi popondapo, pansi pa buti, m'munsi mwa zitseko, kuzungulira matayala a kumbuyo, m'mphepete mwa galasi la kumbuyo ndi pansi pa denga lokutidwa ndi pulasitiki. Chevelle ndi GTO zili ndi chasisi yapayokha, pomwe Mustang ndi Charger zili ndi thupi lomwe limanyamula lokha kulemera konse, kotero dzimbiri la pansi limafooketsa galimoto yonse. Pa Mustang madzi amakonda kulowera m'munsi mwa galasi la kutsogolo n'kuoletsa pansi. Penti yatsopano yonyezimira imatha kubisa phala lomatira mabowo. Ofufuza amagwiritsa ntchito maginito, omwe sagwira pomwe pali phala lochindikala, kapena kachipangizo koyezera kuchindikala kwa penti.

Injini imayesedwa itazizira, popeza yotentha kale imabisa utsi ndi phokoso la poyambira. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti injini ikuotcha oilo. Makaniko amayezanso mphamvu ya mpweya m'silinda iliyonse ndi kuikweza galimoto kuti aione pansi.

Kugula galimoto ili kutali

Wogula yemwe sangathe kukaiona yekha galimoto amalemba ntchito katswiri woima payekha, wosasankhidwa ndi wogulitsa, kuti akaiyendere ndi kulemba lipoti. Amapemphanso zithunzi za pansi pa galimoto, za VIN ndi za manambala a pa injini, komanso kuyankhulana ndi wogulitsa pa vidiyo ali pambali pa galimotoyo.

Chinyengo chofala ndi cha anthu omwe amaba zithunzi za galimoto ya wina n'kuitsatsa pa mtengo wotsika. Zizindikiro zake ndi wogulitsa wokakamiza kuti ndalama zitumizidwe msanga, wokana kuti munthu akaione galimoto, kapena wosankha yekha kampani yosadziwika yosungitsako ndalama. Ndalama zotumizidwa kudzera ku banki kawirikawiri sizibwezeka. Pofuna kudziteteza, ogula ena amagwiritsa ntchito escrow, njira yomwe kampani yapakati imasunga ndalama mpaka galimoto itaperekedwa.

Chikalata cha umwini ku United States chimatchedwa title. Dzina lolembedwapo liyenera kukhala la wogulitsa, VIN ifanane ndi ya pa galimoto, ndipo pasakhale ngongole ya ku banki. Zigawo zina sizipereka title pa magalimoto akale kwambiri. Ku New York, mwachitsanzo, magalimoto a mu 1972 kubwerera m'mbuyo amasinthidwa umwini ndi chikalata cha kalembera.

Kutumiza kunja ndi malamulo

Lamulo la ku United States limafuna kuti zikalata za umwini zionetsedwe kwa a kasitomu maola 72 galimoto isananyamuke. Pa sitima yapamadzi pali njira ziwiri. Pa njira ya RoRo galimoto imayendetsedwa kulowa m'sitima, choncho iyenera kukhala yolira ndi ya mabuleki ogwira. Njira ya kontena ndi yodulirapo koma imateteza bwino, imalola galimoto yosayenda, ndipo zipangizo zapadera zimatha kupakiridwa limodzi. Inshuwalansi ya panyanja imagulidwa payokha.

Dziko lililonse lili ndi malamulo ake. Ku Britain galimoto yoposa zaka 30 yomwe sinasinthidwe kwambiri imalowa popanda msonkho wa kasitomu ndipo imalipira VAT ya 5 peresenti. Australia imafuna chilolezo galimoto isanatumizidwe ndipo imaletsa asibesito, yemwe amapezeka m'mabuleki ndi m'magasiketi akale. South Africa imaletsa magalimoto ambiri ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo akale osungidwa amafuna chilolezo cha bungwe la ITAC. Galimoto yopita ku Malawi kapena ku Zambia imatsikira pa doko monga la Dar es Salaam, Beira kapena Durban. Ku Malawi msonkho womwe bungwe la MRA limatolera umadalira kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, zinthu ziwiri zomwe muscle car ili nazo zochuluka. Komanso magalimoto a ku America ali ndi chiwongolero chakumanzere, pomwe m'maikowa amayenda kumanzere kwa msewu, zomwe zimavutitsa woyendetsa kuona kutsogolo akafuna kupitirira galimoto ina.

Kusamalira

Muscle car imamwa petulo wambiri, nthawi zambiri lita imodzi pa makilomita osapitirira asanu kapena asanu ndi limodzi. Ambiri mwa magalimotowa anatuluka ndi mabuleki a dramu, omwe amafooka akatentha, ndipo alibe zotetezera pa ngozi za masiku ano. Injini zake zinapangidwira petulo wa mtovu ndipo zimafuna oilo wokhala ndi zinki wokwanira kuti kamushafuti isadyeke. Mabawuti ake ndi a mainchesi, choncho masipanala a mamilimita sagwira bwino. Zipangizo za Mustang, Camaro ndi Chevelle zikupangidwabe zatsopano, mpaka thupi lathunthu, koma za magalimoto osowa monga a AMC zimavuta kupeza, ndipo kunja kwa America pafupifupi chilichonse chimachita kuitanitsidwa.