Chisanu chayandikira: mamangidwe a tsitsi lalitali osathothola la m'mbali

Mvula yatha, anthu akukolola, ndipo m'mawa kwayamba kale kuzizira. Ndiye kuti masaluni a m'tauni muno ayamba kudzaza. Ikafika Epulo kupita Meyi, atsikana ambiri timaganiza zofanana: ndimangitse mesh yothina, ikhale mpaka Ogasiti, ndisamavutike ndi madzi ozizira. Ine ndinachitapo zimenezi ndili chaka chachiwiri ku koleji (ija sindinaimalize, nkhani ya fizi, tidzacheza tsiku lina). Inali mesh yaing'onoing'ono yofika m'chiuno, ndipo ndinakhala nayo miyezi itatu. Tsiku lomasula, tsitsi la pamwamba pa makutu linatsalira m'manja. Mbali ya kumanzere linamera patapita chaka. Ya kumanja mpaka lero ndimaphimba ndi duku.

Choyamba tigwirizane za nyengo. Makanema a pa TikTok okamba za tsitsi la autumn amachuluka mu Seputembala ndi Okutobala, chifukwa ndi nthawi imene ku Ulaya ndi ku America masamba amayoyoka. Kwathu kuno imeneyo ndi nthawi ya dzuwa loswa mtengo. Nyengo yathu yofanana ndi imeneyo ndi ino ya masika, pamene tikuchoka m'dzinja kulowa m'chisanu cha Meyi mpaka Ogasiti. Mpweya umauma, fumbi limayamba, ndipo a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje amaonjezerapo chiperoni. Tsitsi lathu ndi lopiringizika, choncho mafuta achilengedwe a pakhungu la m'mutu amavutika kuyenda mpaka kunsonga. Kukauma chonchi, nsonga zija zimaduka ngati udzu.

Chimene chimathothola tsitsi la m'mbali

Madokotala a khungu amalitchula vutoli kuti traction alopecia, kutanthauza kuthothoka kwa tsitsi chifukwa chokokedwa nthawi yaitali. Dokotala wa khungu wa ku Cape Town, Nonhlanhla Khumalo, ndi anzake anatulutsa kafukufuku mu 2007 yemwe anapeza vutoli mwa amayi pafupifupi mmodzi pa atatu aliwonse amene anawaunika kumeneko. Anapezanso kuti chiopsezo chimakula kwambiri munthu akamanga mothina pa tsitsi lomwe laikidwa kale relaxer. Ndife tomwe ife, eti?

Zimayenda chonchi. Tsitsi la pamphumi ndi la pamwamba pa makutu ndi lopyapyala kuposa la pakati. Ukalimangirira mesh yaitali, kagulu ka tsitsi kochepa kamanyamula katundu usiku ndi usana. Poyamba muzu umangotupa, ndipo ukamasula msanga umachira, tsitsi n'kumeranso. Ukapitiriza chaka ndi chaka, muzu umafa, pamalopo pamasalala, basi. Palibe mafuta amene angadzutse muzu wakufa, kaya wogulitsa pa Facebook alumbire bwanji.

Zizindikiro zake mumazidziwa kale, kungoti tinazolowera kuziyesa gawo la kutchena: mutu kuwawa usiku woyamba, kulephera kugonera mbali, nsidze kukwera m'mwamba ngati wadabwa, tiziphuphu m'mphepete mwa mizere, tizinthu toyera pamene mesh yayambira. Ngati mukumwa Panado kuti mupirire tsitsi latsopano, lathina. Musadikire kuti "likhazikika pakatha masiku atatu". Chimene chimakhazikikacho ndi tsitsi lanu lomwe layamba kuzuka.

Chovuta kwenikweni n'kuyankhula uli pampando. Womanga uja ndi wamkulu kwa iwe, waima kuyambira m'mawa, ndiye umachita manyazi. Ine masiku ano ndimanena tisanayambe: "Asisi, m'mbalimu mungosiya tsitsi laling'onoli, ndipo likandipweteka ndikuuzani timasule." Ambiri amamva bwinobwino. Ena amathinitsa dala chifukwa makasitomala timadandaula tikaona kuti layamba kufutukuka pakatha sabata ziwiri, ndiye mlanduwu tigawane.

Masitayilo amene sakoka

Kwa ine, opambana onse m'nyengo ino ndi aja a agogo, omanga ndi ulusi kapena wulu. Tsitsi limatambasuka popanda moto, nsonga zimabisika, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Chofunika n'chakuti ulusi usayambire pakhungu penipeni mokunga. Kupota tsitsi lako lomwe pawiripawiri popanda mesh n'kwabwinonso, ndipo ukhoza kupanga wekha Lamlungu madzulo. Mizere ikuluikulu isanu kapena isanu ndi umodzi yopita kumbuyo imagwira ntchito, bola isayambire pamphumi penipeni.

Ngati mtima uli pa mesh basi, sankhani knotless, ija amayamba ndi tsitsi lanu kenako n'kumaonjezera mesh pang'onopang'ono, chifukwa pamuzu sipakhala mfundo yolemera. Ikhale yokulirapo, yofika m'mapewa kapena pakati pa msana. Ndipo musamaiunjike pamwamba pa mutu tsiku ndi tsiku. Mulu umene uja umakoka mphumi ndi pankhongo. Masabata 6 akwana, 8 ndiye malire. Mukamasula, lipumitseni sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo ulendo wotsatira mizere isinthe kolowera. Amene mwangoika relaxer dikirani masabata awiri musanamangitse.

Wigi ndi yabwino m'chisanu, imafunditsa mutu. Vuto ndi guluu ndi tizipeso ta mkati mwake timene timaluma malo amodzimodzi. Muziivula pogona. Amadiredi nanunso nkhaniyi ikukukhudzani: akatalika amalemera, ndipo kuwapotetsa pafupipafupi kumaonda mizu.

Kuchapa kukuzizira

Apa ndi pamene ambiri timagonja. Komatu khungu la m'mutu silisiya kutulutsa thukuta chifukwa kwazizira, ndipo fumbi la Juni likasakanikirana ndi mafuta, kuyabwa ndi mfundu zimayamba. Chapani kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, ngakhale muli ndi mesh. Madzi akhale ofunda, osati aja otentha ngati mukufuna kusosola nkhuku. Sopo wochapira zovala musiyeni, amaumitsa tsitsi koopsa. Shampu pang'ono wosungunula m'madzi, kusisita khungu ndi nsonga za zala osati zikhadabo, kenako conditioner. Chapani m'mawa tsiku la dzuwa. Mesh yonyowa ukagona nayo mu Julaye siuma, imanunkha chinyontho, ndipo imalemera kwambiri moti imakoka mizu.

Za mafuta: chinyezi chimachokera ku madzi, mafuta ntchito yake n'kutsekera madziwo kuti asathawe. Kupaka Vaseline pa tsitsi louma gwa n'kungolinyezimiritsa. Uzani timadzi kaye ndi kabotolo kopopera, kenako pakani pang'ono mafuta a nsatsi, a kokonati kapena a malambe, makamaka kunsonga. Nsongazo ndizo tsitsi lakale kwambiri pamutu panu. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho la masentimita 30 nsonga zake zadutsa zaka ziwiri ndi theka zikupesedwa. Amene amati "langa silikula" nthawi zambiri likukula ndithu, koma likuduka kumapeto mofanana ndi mmene likumerera.

Zipewa za wulu, kolala ya juzi ndi duku la chitenje zimakhula tsitsi ndi kumwa mafuta. Pitani pa kaunjika mukasake kampango koterera ka satini kapena silika, muzivala mkati mwa chipewa ndiponso pogona. Mfundo yake musamaimange malo amodzi usiku uliwonse.

Tsiku lomasula

Munthu aliyense amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku. Likakhala lomangidwa, loyoyokalo limakhala momwemo, ndiye pakatha masabata 6 pamakhala tsitsi 2,000 mpaka 4,000 lodikira kutuluka. Musalire mukaona mpira wa tsitsi m'manja. Koma lichotseni ndi zala ndi mafuta musanathire madzi, chifukwa mukachapa lisanamasuke limagwirana ngati chisa cha mbalame, mapeto ake ndi lumo. Pesani ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kupita kumizu.

Chosiyana ndi pamene mwaona kuti mphumi yakula, kapena m'mbali mwatsala kamzere ka titsitsi tochepa kutsogolo, kumbuyo kwake kuli mbee. Pamenepo siyani mesh ndi relaxer kwa miyezi ingapo. Ngati pakatha miyezi itatu kapena inayi palibe kusintha, kapena pali zilonda, mafinya kaya malo ozungulira ngati ndalama, pitani kuchipatala mukafunse oona za khungu. Zipere za m'mutu zimafuna mankhwala akumwa, odzola okha sakwanira. Kuchepa kwa magazi nakonso kumayoyola tsitsi, chimodzimodzi miyezi ingapo munthu akangobereka, ndipo zimenezi saluni singazione.

Ine chaka chino ndamanga wulu, magulu khumi ndi awiri. Mng'ono wanga akuti ndikuoneka ngati mwana wa Sitandade 4. Ndimasula kumapeto kwa Meyi.