Misika ndiyo yasunga Delhi wakale

Shah Jahan, mfumu ya ufumu wa Mughal, atasamutsa likulu lake kuchoka ku Agra, anasankha malo a m'mphepete mwa mtsinje wa Yamuna namangapo mzinda umene anaupatsa dzina lake lomwe, Shahjahanabad. Ntchito yomanga nyumba yachifumu ya miyala yofiira, imene lero imatchedwa Red Fort, inayamba mu 1639 ndipo mfumu inalowamo mu 1648. Mzikiti waukulu wa Jama Masjid unamangidwa pachitunda kuyambira 1650 mpaka 1656, ndipo mzinda wonse unazingidwa ndi linga lamiyala lokhala ndi zipata zoposa khumi. Alendo ambiri opita ku Delhi wakaleyu masiku ano amalunjika pa nyumba ziwirizi, ndipo misika imene ili pakati pake amangoipyola mothamanga, akudandaula ndi phokoso ndi kuthithikana. Ine ndikuona kuti potero amaphonya mbiri yeniyeni ya malowa. Mbali yaikulu ya linga inagwetsedwa, mafumu anatha, nyumba yachifumu inasanduka malo owonetsera zakale, koma mzinda sunafe. Amene ausunga wamoyo kwa zaka pafupifupi 400 ndi amalonda, amisiri ndi ophika a m'misewu, ndipo wofuna kuumvetsa ayenera kutsika m'galimoto n'kuyenda pansi pakati pawo.

Choyamba tizindikire kuti msika sunabwere m'mbuyo ngati udzu womera pamalo okonzedwa kale. Unali m'maganizo a omanga kuchokera pa chiyambi. Jahanara, mwana wamkazi wa mfumu, ndiye anakonzetsa Chandni Chowk cha m'ma 1650, msewu wotakata wochokera pa chipata cha Lahori cha nyumba yachifumu kulowera kumadzulo mpaka pa mzikiti wa Fatehpuri, umene unamangidwa ndi mmodzi mwa akazi a mfumu. Pakati pa msewuwo pankadutsa ngalande ya madzi opatutsidwa mu Yamuna kutali kumtunda, ndipo mbali zonse ziwiri kunali mashopu. Ngakhale m'kati mwa nyumba yachifumu, munthu akangolowa pa chipata ankayamba wadutsa mu Chhatta Chowk, msika wofoleredwa, asanafike pabwalo limene mfumu inkamverapo milandu. Dokotala wa ku France, François Bernier, amene anakhala mu mzindawu ndipo anaufotokoza m'kalata yake ya 1663, anatchula mashopu ogulitsa nyama yowotcha ndi yophika, ngakhale kuti iye mwini ankaikayikira nyamayo. Kukayika kwakeko ndi umboni wabwino kwa ife: mzindawu usanakwanitse zaka makumi awiri, anthu ake ankadya kale zogula m'misika, ndipo alendo ankazidera nkhawa monga momwe amachitira lero.

Linga, limene linamangidwa kuti liteteze zonsezi, silinathandize pa masiku amene linkafunika. Mu 1739 Nadir Shah wa ku Persia, atagonjetsa asilikali a Mughal ku Karnal, analowa mu mzinda popanda womuletsa. Analamula kuti anthu aphedwe iye ali pa mzikiti wa Sunehri m'mbali mwa Chandni Chowk momwe, ndipo pobwerera kwawo anatenga mpando wachifumu wa Shah Jahan pamodzi ndi chuma chosawerengeka. Mu 1857, asilikali a ku India ataukira ulamuliro wa Angerezi n'kudzasonkhana mu mzindawu, linga linachedwetsa adani kwa miyezi yochepa chabe. Mu Seputembala Angerezi anaphulitsa chipata cha Kashmiri nalowa. Mfumu yotsiriza, Bahadur Shah Zafar, inatumizidwa ku Rangoon kumene inafera mu 1862. Anthu anathamangitsidwa m'nyumba zawo, ndipo Asilamu ndiwo anachedwa kwambiri kuloledwa kubwerera. Nyumba zambiri za m'kati mwa Red Fort zinagwetsedwa n'kumangapo zogona asilikali, midzi ndi misika yonse ya pakati pa nyumba yachifumu ndi Jama Masjid inasalazidwa, mzikiti wa Fatehpuri unagulitsidwa kwa wamalonda wina ndipo unabwezedwa kwa Asilamu mu 1877. M'zaka za m'ma 1860 njanji inadula mbali ya kumpoto ya mzinda. Kenaka mu 1911 kunalengezedwa kuti likulu lichoka ku Calcutta kubwera ku Delhi, koma atsamunda anamanga mzinda wawo watsopano kunja, chakumwera, nausiya wakalewu kuti udzionere wokha. Pa zipata zonse zija, zimene zaimirirabe bwino ndi zinayi: Kashmiri, Ajmeri, Turkman ndi Delhi.

Mzinda wina ukanathera pomwepo. Uwu unadzukanso chifukwa madzi saiwala khwawa: tsoka lililonse likapita, amalonda ankabwerera m'tinjira tomwe tija n'kuyala katundu wawo. Woyenda pansi amaziona izi ndi maso ake. Akachoka pa Red Fort kulowera kumadzulo, kumanzere kwake kuli Dariba Kalan, kumene osula siliva akhala akugwira ntchito kuyambira nthawi ya mafumu. Pafupi pake pali Kinari Bazaar, kodzaza ndi ulusi wonyezimira ndi zokongoletsera zovala zaukwati. Patsogolo pali Ballimaran, kumene wolemba ndakatulo Ghalib anakhala mpaka imfa yake mu 1869. Kumapeto, kuseri kwa mzikiti wa Fatehpuri, kuli Khari Baoli, msika waukulu wa zokometsera ndiwo. Kumeneko amuna amasenza matumba a tsabola wouma pamutu kukwera nawo masitepe opapatiza, ngolo zokankha ndi manja zimapanikizana mpaka kusowa podutsa, ndipo fumbi la tsabola limakhosomoletsa aliyense, wogula ndi wogulitsa yemwe. Pamsewu umodzi womwewo, wa kilomita imodzi ndi kachidutswa, pali kachisi wa Ajain wa Lal Mandir, kachisi wa Ahindu wa Gauri Shankar, nyumba yopempherera ya Asikh ya Sis Ganj pamalo pamene mtsogoleri wawo Guru Tegh Bahadur anadulidwa mutu mu 1675, tchalitchi cha Baptist ndi mizikiti iwiri. Nyumba zopemphereramozi zili pomwepo chifukwa anthu a zipembedzo zonsezi ankakhala ndi kuchita malonda pomwepo.

Pali otsutsa amene amati zakudya za m'misewu ya Delhi wakale si zakale monga ogulitsa amanenera, ndipo nkhani zoti maphikidwe ake anatuluka m'khitchini ya mfumu n'zokopera makasitomala. Mbali ina akunena zoona. Tsabola ndi mbatatesi zinachokera ku America kudzera kwa Apwitikizi, ndipo mbatatesi inafala kumpoto kwa India patapita nthawi yaitali Shah Jahan atamwalira. Mashopu a mu Paranthe Wali Gali, kumene amakazinga chapati chokhala ndi zamkati m'chiwaya chodzaza mafuta a mkaka, anayamba m'zaka za m'ma 1870. Malo odyera a Karim's, pafupi ndi Jama Masjid, anatsegulidwa mu 1913. Nkhuku yowotcha mu uvuni wadothi inatchuka mu mzindawu 1947 itadutsa, pamene othawa nkhondo ochokera ku Peshawar anatsegula Moti Mahal ku Daryaganj. Komabe zaka zimenezi zikulimbitsa mfundo yanga m'malo moifooketsa. Mashopu a m'ma 1870 ndi chizindikiro cha mzinda umene unali kutoleranso mphamvu utasakazidwa mu 1857. Banja la Karim's limati makolo awo ankaphikira mafumu, ndipo kaya nkhaniyo ndi yoona mpaka pati, n'zodziwikiratu kuti ufumu utatha, antchito ake anafunika kupeza odyetsa ena, ndipo anawapeza pamsewu. Zakudya za 1947 zikunena za kugawidwa kwa India ndi Pakistan, pamene Asilamu ambiri anachoka ndipo nyumba zawo zinalowedwa ndi Ahindu ndi Asikh othawa ku Punjab. Nihari, nyama imene imawira pang'onopang'ono usiku wonse mumphika waukulu n'kugulitsidwa m'mamawa kwa anthu opita ku ntchito zolemetsa, ikunena za osenza katundu amene mzinda wakhala ukuwadalira. Miyala ya Red Fort imasimba za mibadwo yochepa ya mafumu, pamene mbale za m'misewu zimasimba za aliyense amene anabwera pambuyo pawo.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Akatswiri osunga nyumba zakale amati malonda omwewa ndiwo akuwononga mzinda, ndipo umboni ali nawo. Nyumba zikuluzikulu za mabanja olemera, zokhala ndi bwalo pakati ndi zitseko zosemedwa, zambiri zadulidwadulidwa kukhala mosungira katundu, eni ake atasamukira ku madera atsopano. Mawaya amagetsi amalendewera motiwana pamwamba pa tinjira timene galimoto yozimitsa moto singalowemo. Nyumba ya Begum Samru, mkazi amene analamulira Sardhana, inasanduka Bhagirath Palace, msika wa zipangizo zamagetsi, ndipo mu Novembala 2022 moto unanyeketsa mashopu ambiri kumeneko kwa masiku angapo. Malonda sasunganso ngakhale ana ake omwe: shopu ya maswiti ya Ghantewala, imene inayamba mu 1790 n'kupulumuka zoopsa za 1857 ndi za 1947, inatsekedwa mu 2015. Zonsezi n'zoona, ndipo wokonda mzindawu sayenera kuzibisa.

Funso ndi lakuti mankhwala ake ndi otani, ndipo apa mbiri yatichenjeza kale. Njira yochotsa anthu kuti zomanga zakale zionekere bwino inayesedwa. Angerezi anaiyesa 1857 itapita, ndipo pamalo pamene panali misika ndi mzikiti wa Akbarabadi panatsala bwalo lopanda kanthu. Boma la India linaiyesanso mu Epulo 1976, nthawi ya lamulo ladzidzidzi la nduna yaikulu Indira Gandhi, pamene mathirakitala anagwetsa nyumba za anthu osauka pa chipata cha Turkman, apolisi naombera okana kusamuka ndipo anthu anafa. Chipatacho chilipobe, koma palibe anganene kuti mzinda unapindula. Ntchito imene inatsegulidwa mu 2021, yoletsa magalimoto masana mu Chandni Chowk, kukwirira mawaya pansi ndi kuwapatsa malo oyenda pansi, ili ndi zofooka zake, ndipo tinjira ta m'kati sinatifikire. Koma inayambira poyenera, povomereza kuti msewuwu ndi wa anthu ogula ndi kugulitsa, ndipo chofunika kuchotsedwa ndi chimene chikuwaika pangozi. Mankhwala oyaka msanga ndi mosungira katundu wolemera zingathe kusamutsidwira kunja. Wosula siliva, wogaya zokometsera ndi wophika nihari akachotsedwa, luso lawo silingamangidwenso ndi simenti.

N'chifukwa chake ndikunena kuti kusunga mzinda wakale kuyenera kuwerengera anthu ake ngati mbali ya cholowa. Red Fort inalembedwa m'kaundula wa UNESCO mu 2007, ndipo ili ndi alonda, ndalama za boma ndi malamulo oiteteza. Pa 15 Ogasiti chaka chilichonse nduna yaikulu ya India imalankhula ku dziko lonse ili pamwamba pa makoma ake, choncho palibe angalole kuti igwe. Khari Baoli ndi Dariba Kalan zilibe chitetezo chofanana ndi chimenecho. Zimadalira lendi yoti banja lingakwanitse, magetsi osayatsa moto, madzi aukhondo a ophika, ndiponso mwana wovomera kuphunzira ntchito ya bambo ake. Boma limene limawononga ndalama zambiri potsuka miyala ya mafumu n'kunyalanyaza zinthu zimenezi likusamalira mbali ya mzinda imene inasiya kugwira ntchito yake mu 1857, n'kutayirira mbali imene ikudyetsabe anthu mpaka lero.