Ana anayi amene analibe mayina

Final Fantasy III inatuluka ku Japan pa 27 April 1990, pa makina a Famicom, ndipo kwa zaka 16 sinawoloke nyanja. Anthu a ku America amene anagula gemu yolembedwa "Final Fantasy III" mu 1994 anagula yachisanu ndi chimodzi. Kampani ya Square inangosintha nambala, poti yachiwiri, yachitatu ndi yachisanu zinali zisanafike kumeneko. Maganizo oikonzanso pa WonderSwan Color anafera m'mazira. Ndiye ambirife tinakumana nayo Square Enix ndi Matrix Software ataimanganso mu 2006 pa Nintendo DS, kachipangizo kopinda ka masikirini awiri kaja.

Nditangoyamba kusewera, nyimbo za Nobuo Uematsu zinandigwira mtima. Koma chimene chandikhalitsa pansi ndi mayina. Mu 1990 ana amasiye anayi a m'mudzi wa Ur analibe mayina ngakhale mbiri. Wosewera ankawatcha yekha. Pa DS muli Luneth, Arc, Refia ndi Ingus, aliyense ndi khalidwe lake. Refia akuthawa ntchito yosula zitsulo ku Kazus, Ingus ndi msilikali wa mfumu ya ku Sasune. Ndawakonda, sindikana. Komabe mwana wopanda dzina uja unkakhala iweyo. Awa ndi ana a eni, iwe umangowaperekeza.

Nkhondo nazo zinasintha. Poti zithunzi ndi za 3D, adani amabwera ochepa, awiri kapena atatu, koma aliyense ndi wolimba zedi. Nkhanza zakale ndiye sanazichotse: ukalowa mu Crystal Tower mpaka kumapeto kulibe posungira gemu, ukafa basi wayambiranso. Pa kachipangizo koyendera batire, zimenezi si zocheza ayi.

Chondiwawa ndi nkhani ya Onion Knight. Pa Famicom imeneyi inali ntchito imene ana aja ankayamba nayo, chizindikiro cha gemu yonse. Pa DS anaibisa: kuti uipeze umayenera kutumizirana makalata ndi osewera anzako kudzera pa Mognet. Nintendo inatseka intaneti ya DS mu May 2014. Lero pa DS, kuti uvale chovala chimene mwana wa ku Japan ankavala m'mphindi yoyamba, uyenera kusaka munthu wina amene akadali ndi DS ndi katiriji yake, mukhale moyandikana.