Mbuzi Yobwerako Yamoyo Kuguwa

Pa tsiku la chopereka cha masika m'matchalitchi a ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka, anthu amapita kutsogolo akuvina, amayi atasenza madengu a chimanga ndi mpunga, ana atakupatira nkhuku, abambo akukoka mbuzi pachingwe. Mbuziyo imafika pafupi ndi guwa, koma imatuluka yamoyo. Mwisraeli wa m'nthawi ya mafumu akanati mwambowo wathera panjira, pakuti kwa iye chiweto chofika paguwa chinkayenera kuphedwa, magazi ake n'kuwazidwa, mafuta n'kutenthedwa. Akhristu amawerenga malembo a Aisraeli ndi kuimba masalimo awo, komabe kapembedzedwe kawo kanapatukana ndi ka Aisraeli pa zinthu zitatu: malo, magazi ndi mtundu wa wotumikira. Kupatukana kumeneku ndiko kunatheketsa kuti chipembedzochi chidzamere m'chigwa cha kunyanja kuno.

Kwa Aisraeli, Mulungu anali ndi nyumba yake. Mfumu Solomoni anaimanga ku Yerusalemu, ndipo cha m'ma 622 Yesu asanabadwe mfumu Yosiya anagumula maguwa a m'zitunda kuti nsembe ziziperekedwa pamalo amodzi okhawo. Tsiku lililonse ankapsereza anaankhosa awiri, wina m'mawa wina madzulo, ndipo katatu pachaka amuna ankayenera kukwera ku Yerusalemu pa zikondwerero za Paska, Masabata ndi Misasa. Unsembe unali wobadwa nawo: wosachokera m'banja la Aroni, ngakhale akhale wolungama chotani, sankatumikira paguwa. M'chipinda chopatulikitsa munkalowa mkulu wa ansembe yekha, kamodzi pachaka. Chipembedzo chotere chinali cholimba malinga nyumbayo ili chiimire. Ababulo anaigwetsa mu 586 Yesu asanabadwe, inamangidwanso, kenaka Aroma anaitentha m'chaka cha 70, ndipo moto wapaguwa sunayakenso mpaka lero.

Akhristu oyamba anali Ayuda ndipo ankapitabe ku Kachisi, koma ankakhulupirira kuti imfa ya Yesu inali nsembe imodzi yokwanira, yosafuna kubwerezedwa. Msonkhano wa atumwi ku Yerusalemu cha m'ma 49 unagamula kuti anthu a mitundu ina asakakamizidwe mdulidwe. Pofika zaka za m'ma 150, Justin Martyr analemba za Akhristu osonkhana Lamulungu kumva malembo, kupemphera, kugawana buledi ndi vinyo, ndi kusonkherana zothandizira amasiye. Zonsezi zimatheka paliponse pamene pali anthu. N'chifukwa chake ansembe a White Fathers atafika ku Mua mu 1902 sanafune khola la nkhosa kapena mbumba ya Aroni. Buku, chikho, buledi ndi vinyo zinakwanira. Umboni wamphamvu ndi Cornelius Chitsulo, mwana wa m'dera lomweli, amene anadzozedwa unsembe mu 1937, ndipo patapita zaka 20 anakhala episkopi woyamba wa Chimalawi, ku Dedza. M'Kachisi wa Yerusalemu munthu wotere sakanaloledwa ngakhale kudutsa bwalo la anthu akunja.

Chodabwitsa n'chakuti chipembedzo cha makolo a Achewa chinali pafupi ndi cha Aisraeli kuposa chimene amishoni anabweretsa. Mvula ikakana, akuluakulu ankapita kukachisi kukathira nsembe ya ufa ndi mowa, nthawi zina ndi chiweto chakuda. Ku Msinja, m'mphepete mwa mapiri a Dzalanyama, kunali Makewana, amene udindo wake unali wa fuko la Banda, ndipo malowo anali ndi zoletsa zake zoopsa. Malo opatulika, chopereka chotayidwa, wotumikira wobadwira: zonse zitatu zinalipo. Zimene Claude Boucher Chisale anasonkhanitsa ku Kungoni, malo amene anayambitsa ku Mua mu 1976, zimaonetsa kuzama kwa miyambo imeneyi. Choncho Mchewa wobatizidwa ankadumpha mtsinje womwewo umene Myuda wobatizidwa anadumpha kalekale.

Wina angatsutse kuti Akatolika akadali ndi guwa, lubani, zovala zapadera, ndiponso amaphunzitsa kuti Misa ndi nsembe. N'zoona, ndipo zina mwa izo zinatengedwa ku Kachisi wa Yerusalemu. Koma mpingowo umanena kuti Misa si nsembe yatsopano ayi, ndi yomwe ija ya pamtanda, yopanda kukhetsa magazi, ndipo imachitika pa maguwa osawerengeka nthawi imodzi, chinthu chimene Yosiya akanaletsa. Lamulungu limene wansembe sanafike kumudzi, katekisiti amatsogolera mapemphero, ndipo m'kati mwa sabata akhristu amakumana m'miphakati pakhonde la mnzawo. Wina anganene kuti Ayuda nawonso anali kale ndi masunagoge opanda nsembe, ndiponso kuti aneneri monga Amosi ndi Mika anaika chilungamo patsogolo pa nyama zopsereza. Izinso n'zoona, ndipo zikutichenjeza kuti tisanyoze kapembedzedwe ka Aisraeli ngati mwambo wouma. Chikhristu chinayamwa bere lomwelo. Chimene chinasintha n'chakuti sunagoge ankaima pambali pa Kachisi, pamene tchalitchi chinalowa m'malo mwake.

Chitsutso chovuta kwambiri chili pakati pathu pomwe. A Seventh-day Adventist, amene anakhazikika ku Malamulo m'chaka chomwecho cha 1902, amasunga Sabata ndipo sadya nkhumba kapena mlamba. A Ziyoni amavula nsapato polowa m'malo opempherera. Mipingo yambiri imalalikira chakhumi. Kodi amenewa sanabwerere kwa Mose? Anatolako tsiku, zakudya ndi kapatulidwe, koma mipingo imeneyi simafunsa m'busa ngati ali mdzukulu wa Aroni, ndipo siphunzitsa kuti pemphero lochokera ku Golomoti n'loperewera kufikira munthu atakafika ku Yerusalemu. Pamene pali ngozi yeniyeni ndi pamene mlaliki wayamba kugulitsa madzi ndi mafuta odzozera, n'kumauza anthu kuti Mulungu amayankhira pa iye yekha ndi paguwa lake lokha. Ameneyo akumanganso mpanda umene Akhristu oyamba anaugwetsa, ndipo alibe ngakhale malamulo a Mose omuikira malire.