CIDIKWIDIKWI: MBIRI YA MANKHWALA ACE

Munthu akagwidwa ndi cidikwidikwi timaseka. Amai amaika kaulusi pamphumi pa khanda, ndipo wamkulu timamuopseza kapena kumupatsa madzi. Koma kodi mudziwa kuti kanthu aka kanasautsa anthu ena kwa zaka zambiri?

Cidikwidikwi cimabwera pamene mnofu wa pansi pa mapapo ugwedezeka mwadzidzidzi, ndipo njira ya mpweya pakhosi itsekeka msanga. Agiriki akale anacidziwa bwino. Plato analemba za sing'anga Eryximachus amene analangiza Aristophanes kuti agwire mpweya, acukuce madzi pakhosi, kapena ayetsemule. Papita zaka zoposa 2,000, koma malangizo athu akali omwewo.

Anthu ena sanathandizidwe ndi njirazi. Mlimi wa ku America, Charles Osborne, anayamba cidikwidikwi mu 1922 pamene anali kupima nkhumba, ndipo cinaleka mu 1990, patapita zaka 68. Papa Pius XII nayenso anafooka naco kwambiri mu 1954.

Thandizo linacokera kumene anthu sanali kuyembekezera. Mu 1950, katswiri wa ku France, Paul Charpentier, anapanga chlorpromazine, amene ambiri amawacha Largactil. Mankhwalawa anachuka pothandiza odwala matenda a maganizo, koma madokotala anaona kuti amaletsanso cidikwidikwi cosatha. Bvuto lace ndi lakuti amabweretsa tulo ndi cizungulire, makamaka kwa okalamba. Pambuyo pace madokotala anayamba kugwiritsa nchito metoclopramide wa m'mimba, baclofen wofewetsa minofu, ndi gabapentin amene anapangidwira khunyu. Onani kuti onsewa anapangidwira matenda ena poyamba.

Tsono mbiri iyi itiphunzitsa ciani ife a kuno ku Chinyunyu? Cidikwidikwi cikapitirira masiku awiri, kawirikawiri cimakhala ngati belu lochenjeza. Cingasonyeze matenda a impso, a m'mimba, a m'cifuwa, ngakhale sitiroko. Kuletsa belu osazima moto ndi kudzinyenga. Ndiponso musagulire wodwala mapiritsi mwacisawawa, pakuti baclofen angabvulaze munthu amene impso zace zafooka.

Inu ndinu amene mumasamala agogo kumudzi. Mukaona akulephera kudya ndi kugona cifukwa ca cidikwidikwi, musathamangire kunena kuti awalodza, kapena kuti wina akuwachula. Mau otere amaphwanya mabanja pacabe, pamene matenda akukula. Apemphereni, inde, koma apelekezeninso ku kiliniki, kapena mukwere nao galimoto pa Great East Road kupita ku cipatala ca St Luke's ku Mpanshya. Kumbukirani kuti Luka mwini, amene cipatalaco cinatenga dzina lace, anali mlaliki ndiponso sing'anga. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana.

Ambuye akudalitseni pamene mutumikira odwala.