Mkulu wa Asilikali a Dziko la Malawi

Mkulu wa Asilikali a Dziko la Malawi ndi msilikali amene ali ndi udindo waukulu koposa onse m'gulu lankhondo la Malawi Defence Force. Amakhala ndi udindo wa General, ndipo likulu lake lili ku Kamuzu Barracks mumzinda wa Lilongwe.

Kasankhidwe kake

Malamulo aakulu a dziko, omwe adayamba kugwira ntchito mu 1994, amanena m'ndime 161 kuti Pulezidenti ndiye mwini ulamuliro wonse pa asilikali, ndipo ndiye amasankha Mkulu wa Asilikali. Ndimeyi siitchula zaka kapena maphunziro amene munthuyo ayenera kukhala nawo. Mwa chizolowezi amasankhidwa pakati pa akuluakulu amene akwera maudindo m'gulu lomwelo kwa zaka zambiri. Dzina lake silipita ku Nyumba ya Malamulo kukavomerezedwa, mosiyana ndi la mkulu wa apolisi. Ichi n'chifukwa chake mpandowu umagwedezeka msanga ndale zikatentha.

Mphamvu zake ndi malire ake

Mkuluyu amayendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku za asilikali, koma amayankha kwa nduna yoona za chitetezo. Za kutumiza asilikali kuntchito komanso kuika ndi kuchotsa akuluakulu zimadzera m'khonsolo momwe mumakhala ndunayo pamodzi ndi akuluakulu a asilikali. Komiti ya aphungu yoona za chitetezo nayo ili ndi mphamvu zolondoloza nkhanizi.

Ntchito za gulu lomwe amatsogolera zalembedwa m'ndime 160: kuteteza malire a dziko, monga a ku Dedza ndi Ntcheu komwe msewu wa M1 umayenda mphepete mwa Mozambique, kuthandiza boma pa nthawi ya ngozi, kugwira ntchito kunja motsata mapangano, ndi kuteteza malamulo aakulu a dziko.

Pamene udindowu udayesedwa

Ntchito yomalizayi ndi imene yaika akuluakulu ena pamoto, chifukwa amene adawasankha ndi zimene malamulo akunena nthawi zina zimasemphana. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 April 2012, nduna zina zidafuna kuti Wachiwiri wake, Joyce Banda, asatenge mpando. General Henry Odillo adaima pa malamulo, ndipo Banda adalumbira pa 7 April. Odillo adachotsedwa mu 2014, boma litasintha.

Pa zionetsero zotsutsa zotsatira za chisankho cha 2019, asilikali a General Vincent Nundwe ankateteza anthu ochita zionetsero m'misewu. Pulezidenti Peter Mutharika adamuchotsa mu March 2020 n'kuikapo Andrew Namathanga. Lazarus Chakwera atapambana chisankho chachibwereza, adabwezera Nundwe pa mpando mu September chaka chomwecho, ndipo adakhalapo mpaka 2023 pomwe Paul Valentino Phiri adalowa m'malo mwake.