Kodi ndi feteleza kapena ndi china? Momwe mungadziwire ngati zinthu ziwiri zikuyenderana pa ulimi wanu

Chaka chilichonse mukamakonzekera dzinja mumakhala ndi mafunso ofuna ndalama. Kodi thumba lachitatu la feteleza lidzabweza ndalama zake? Kodi kuchedwa kubzala mtedza ndi sabata ziwiri kumachepetsadi zokolola? Kodi mbewu imene anzanu amakagula ku Chipata imaposadi ya kuno? Mafunso onsewa akufunsa chinthu chimodzi: chinthu china chikasintha, kodi chinzake chimasinthanso?

Tsambali likuthandizani kuyankha mafunso otere pogwiritsa ntchito kaundula wa kalabu yanu. Zofunika ndi kope, pensulo, lula ndi sikelo basi. Zitsanzo tatenga pa chimanga ndi mtedza, mbewu zimene alimi ambiri a ku Mchinji amadalira, kuyambira ku Mkanda ndi Kalulu mpaka ku Mlonyeni ndi Msitu.

1. Sankhani zinthu ziwiri

Choyamba chikhale chimene inu mumachita kapena chimene chimayamba kuchitika, monga matumba a feteleza, tsiku lobzala, kapena kuchuluka kwa mvula. Chachiwiri chikhale chotsatira chake, monga matumba a chimanga kapena kuchuluka kwa matenda m'munda.

Funso lanu likhale lolunjika. M'malo mofunsa kuti "n'chiyani chimachulukitsa chimanga?", funsani kuti "pa ekala imodzi, feteleza akachuluka, chimanga chimachuluka bwanji?"

2. Yezani mofanana

Apa ndi pamene makalabu ambiri amasokonekera. Wina amawerenga ngolo, wina madengu, wina matumba a chimanga chosatonola. Manambala otere sangayerekezeke.

Gwirizanani muyeso umodzi: chimanga chotonola ndi chouma bwino, m'matumba a makilogalamu 50. Ndowa za pamsika zimasiyana kukula, choncho gwiritsani ntchito sikelo.

Yezani munda, musangoganizira. Ekala imodzi ndi pafupifupi mayadi 70 m'litali ndi mayadi 70 m'lifupi, ndipo hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Amene analima maekala awiri agawe zokolola zake ndi feteleza wake pawiri kuti zonse zikhale za pa ekala imodzi.

Lembani alimi onse a m'kalabu, amene anakolola bwino ndi amene analephera omwe. Mukasiya olepherawo, kaundula wanu adzakunamizani.

3. Lembani awiriawiri

Mlimi aliyense akhale ndi mzere wake wokhala ndi manambala awiri. Manambala ali m'munsiwa ndi ophunzirira chabe, osati a kalabu yeniyeni. Onse ndi a pa ekala imodzi.

Mlimi A: feteleza matumba 0, chimanga matumba 7
Mlimi B: feteleza 0, chimanga 9
Mlimi C: feteleza 1, chimanga 14
Mlimi D: feteleza 1, chimanga 16
Mlimi E: feteleza 1, chimanga 15
Mlimi F: feteleza 2, chimanga 20
Mlimi G: feteleza 2, chimanga 22
Mlimi H: feteleza 2, chimanga 9
Mlimi I: feteleza 3, chimanga 24
Mlimi J: feteleza 4, chimanga 25

4. Jambulani chithunzi cha timadontho

Jambulani mzere wopingasa m'munsi mwa pepala ndipo mulembepo 0, 1, 2, 3, 4 motalikirana mofanana. Awa ndi matumba a feteleza. Kumanzere jambulani mzere woimirira, mulembepo 0, 5, 10, 15, 20, 25 kukwera m'mwamba. Awa ndi matumba a chimanga.

Tsopano ikani kadontho kamodzi pa mlimi aliyense. Pa Mlimi C, yendani pa mzere wopingasa mpaka pa 1, kenaka kwerani mpaka pa 14, ndipo ikani kadontho pamenepo. Chitani chimodzimodzi kwa onse.

Pa msonkhano wa kalabu mungathe kujambula mizereyi pansi ndi kamtengo, aliyense n'kuika chitsononkho kapena mwala pamalo pake. Mukatero ngakhale amene sadziwa kuwerenga amaona okha, ndipo amatenga nawo mbali pokambirana.

5. Werengani chithunzicho

Imani patali pang'ono, muone kumene timadontho tikulowera. Pali maonekedwe anayi amene mudzakumana nawo kawirikawiri.

Tikukwera kupita kumanja. China chikachuluka, chinzake chimachulukanso. Ndi mmene zilili ndi feteleza ndi chimanga pa chitsanzo chathu.

Tikutsika kupita kumanja. China chikachuluka, chinzake chimachepa. Mukajambula masiku ochedwa kubzala mtedza mvula yobzalira itagwa, pamodzi ndi zokolola zake, kawirikawiri timadontho timatsika.

Tangomwazikana ngati nkhuku pabwalo. Apa palibe kuyenderana kooneka. Ameneyunso ndi yankho labwino, chifukwa akukuuzani kuti musataye ndalama kapena nthawi pa chinthucho musanafufuze bwino.

Tikukwera kenaka n'kuima kapena kutsika. Mvula imachita chonchi: ikachepa chimanga chimafota, ikakwana chimabereka, ikapitirira muyeso imakokolola chakudya cha m'nthaka ndipo madzi akadikha m'mizere chimanga chimachita chikasu.

Onaninso ngati timadontho tathithikana pafupi ndi njira imodzi kapena tatayana. Tikathithikana, kuyenderanako ndi kwamphamvu ndipo mungathe kulosera zokolola molimba mtima. Tikatayana, ndiye kuti pali zinthu zina zambiri zimene zikusintha zokolola.

6. Musataye kadontho kapatali

Mlimi H anathira matumba awiri koma anakolola 9 okha, pamene anzake F ndi G anapeza 20 ndi 22. Musamufufute, ndipo musamuseke. Pitani kumunda kwake mukafunse. Mwina mundawo uli ndi kaufiti. Mwina anathira wobereketsa chimanga chitamasula kale. Mwina anachedwa kupalira chifukwa cha matenda pakhomo. Mwinanso ndi mlembi amene analakwitsa nambala. Nthawi zambiri kalabu imaphunzira zambiri pa munda umodzi woterewu kuposa pa minda isanu ndi inayi inayo.

Dziwani kuti kadontho kamodzi kamatha kusintha avereji kwambiri. Avereji ya F ndi G ndi matumba 21, koma mukaphatikiza H imatsika kufika pa 17. Mukamusiya pambali powerengera, lembani chifukwa chake m'kope kuti aliyense adziwe.

7. Werengerani phindu la thumba lililonse

Pezani avereji ya gulu lililonse. Pa chitsanzo chathu, titaika H pambali, zili motere: opanda feteleza apeza 8, a thumba limodzi 15, a matumba awiri 21, wa atatu 24, wa anayi 25.

Ndiye kuti thumba loyamba lawonjezera matumba 7 a chimanga, lachiwiri 6, lachitatu 3, lachinayi 1 yekha. Chimanga chikukwerabe, koma kukwerako kukuchepa.

Tsopano gawani mtengo wa thumba la feteleza ndi mtengo wa thumba la chimanga pa nthawi imene mumagulitsa. Tiyerekeze kuti muyenera kugulitsa matumba anayi a chimanga kuti mugule thumba limodzi la feteleza. Thumba loyamba ndi lachiwiri akubweza ndalama ndi phindu pamwamba. Lachitatu likubweza 3 pa 4 amene munalipira, ndiye kuti mwaluza. Kukolola zambiri si kupindula nthawi zonse. Mitengo imasintha chaka ndi chaka, choncho bwerezani masamuwa musanagule.

Samalani pa zinthu ziwiri. Choyamba, pa matumba atatu ndi anayi tili ndi mlimi mmodzimmodzi, ndipo munthu mmodzi si umboni wokwanira. Chachiwiri, musalosere kupyola pamene manambala anu athera. Kaundula wothera pa matumba anayi sanena kanthu za matumba asanu ndi limodzi.

8. Ngati zinthuzo si za manambala

Mafunso ena yankho lake ndi "inde" kapena "ayi". Mwachitsanzo: munabzala mtedza msanga kapena mochedwa? Munda unagwidwa ndi kadukutu kapena ayi? Apa gawani alimi m'magulu awiri, muwerenge.

Tiyerekeze kuti alimi 30 anabzala msanga, ndipo minda 6 inagwidwa. Alimi 10 anachedwa, ndipo minda 5 inagwidwa. Wongoyang'ana 6 ndi 5 anganene kuti kubzala msanga ndiye koipa. Koma 6 mwa 30 ndi munda umodzi pa isanu iliyonse, pamene 5 mwa 10 ndi theka. Nthawi zonse yerekezani magawo, osati chiwerengero chokha.

Pa nkhani ya kadukutu, chifukwa chake n'chodziwika. Matendawa amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu, zomwe zimakonda mtedza wobzalidwa mochedwa ndiponso wotalikirana, woonetsa dothi pakati. N'chifukwa chake alangizi amalimbikitsa kubzala ndi mvula yoyamba komanso kubzala mothithikana, monga mizere iwiri pa mzere umodzi wolima.

9. Kuyendera limodzi si kuyambitsana

Ili ndiye phunziro lalikulu pa tsambali. Zinthu ziwiri zikhoza kukwera limodzi popanda china kuchititsa chinzake. Musanasinthe kalimidwe, dzifunseni mafunso atatu.

Kodi pali chachitatu chobisala? Mlimi amene ali ndi ndalama zogulira matumba atatu a feteleza, nthawi zambiri ndi yemweyo amene amagula mbewu ya makono, amabzala pa nthawi yake, ndipo amalemba aganyu opalira. Mnzake wosowa feteleza amathera masiku opalira ali pa ganyu m'munda mwa ena. Choncho kusiyana kwa 8 ndi 21 si ntchito ya feteleza yekha. Chimodzimodzi nkhani ya mbewu yodutsa pa chipata cha Mwami: amene amatha kupita kukagula kutsidya angakhale omwewo amene ali ndi feteleza wokwanira. Mbewuyo ikhoza kukhala yabwino ndithu, koma kaundula yekha sangakutsimikizireni.

Kodi sitinatembenuze nkhani? Chiyambire pamene mbozi ya ntchemberezandonda yachilendo inalowa m'dziko muno m'nyengo ya 2016/17, mungapeze kuti minda yopoperedwa kawirikawiri ndi yomwenso yaonongeka kwambiri. Sikuti mankhwala ndiwo anabweretsa mbozi. Eni mindayo anapopera kambiri chifukwa mbozi zinali zitachuluka kale.

Kodi sizinangochitika mwamwayi, kapena chifukwa cha chaka? Alimi atatu kapena anayi ndi ochepa kwambiri. Yesetsani kufika pa 10, ndipo 20 kapena 30 ndi abwino koposa. Komanso m'chaka cha ng'amba, monga 2015/16 ndi 2023/24 pamene madera ambiri a dziko lino anavutika, feteleza sagwira ntchito mokwanira chifukwa nthaka imakhala youma. Musasakanize manambala a zaka zosiyana pa chithunzi chimodzi popanda kuwasiyanitsa ndi chizindikiro, monga kadontho pa chaka china ndi kamtanda pa chinzake.

10. Tsimikizani ndi munda woyesera

Kaundula amakuonetsani poyambira. Chotsimikizira ndi kuyesa nokha, mbali ndi mbali. Akatswiri a ku Chitedze amachita chomwecho, ndipo m'nyengo ya 1995/96 Unduna wa Zaulimi unayesa milingo yosiyanasiyana ya feteleza m'minda ya alimi m'dziko lonse kuti malangizo azigwirizana ndi dera. Inunso mungachite pang'ono motere:

Dulani timinda tiwiri toyandikana, kalikonse mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, pa nthaka yofanana. Pewani pachulu, pansi pa mtengo ndi pamene panali khola.

Sinthani chinthu chimodzi chokha. Ngati mukuyesa feteleza, mbewu ikhale imodzi, tsiku lobzala limodzi, kupalira tsiku limodzi. Pa chimanga, mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando.

Chitani maere posankha mbali yolandira chinthu chatsopanocho. Mukasankha ndi maso, mtima umakokera chimene mumachikonda ku nthaka yabwino.

Alimi osachepera asanu achite zomwezo m'minda yawo, ndipo mubwereze nyengo ziwiri kapena zitatu.

Kololani kamunda kalikonse padera, umitsani mofanana, ndipo yezani pa sikelo imodzi. Kuti mudziwe za pa ekala, chulukitsani ndi 40. Za pa hekitala, chulukitsani ndi 100.

Ngati m'minda yambiri mbali imodzi ikupambana chaka ndi chaka, pamenepo mungathe kuuza anzanu molimba mtima.

Kwa alimi otsogolera

Anzanu amagula kapena kusiya kugula potengera mawu anu, ndiye mawuwo akhale ndi umboni. Yambitsani kaundula mvula isanagwe, osati pokolola pamene anthu aiwala masiku. Pa mlimi aliyense lembani kukula kwa munda, mtundu wa mbewu, tsiku lobzala, feteleza ndi tsiku lothira, masiku opalira, ndi zokolola. Polankhula pagulu gwiritsani ntchito zilembo m'malo mwa mayina kuti amene sanakolole bwino asachite manyazi n'kusiya kupereka manambala oona.

Mukamaliza kujambula, tengani kope lanu mukaonetse alangizi a m'dera lanu kapena ku ofesi ya EPA, kuti muunikire limodzi ndi kusankha chinthu chimodzi choti muyese m'dzinja likubwerali.